Malikisi, Khadi la Ubatizo ndi Kalata ya Bambo Mfumu: Amalowa Ndani pa Sukulu za Akatolika mu Lusaka?

Zotsatira za mayeso a Giredi 7 zimatuluka kumapeto kwa chaka, Khirisimasi ili pakhomo kapena itangodutsa kumene, ndipo m'nyumba zambiri za mu Lusaka kukoma kwa nyengoyi kumadalira kauthenga kamodzi kobwera pa foni. Kholo likangoona malikisi a mwana, lisanapume n'komwe, funso lina lafika kale: nanga amutengera kuti? Sukulu zikamatsegulidwa mu Januwale, pa zipata za Roma Girls, St Mary's ku Woodlands ndi Matero Boys pamakhala anthu kuyambira m'mamawa. Ena atsika m'galimoto zawo, ena ayenda pansi kuchokera pomwe minibasi yawasiya, koma onse akumbatira envulopu ya khaki. Mkatimo muli pepala la zotsatira, kalata yopempha malo, chikalata cha kubadwa, ndipo ngati banjalo ndi la Chikatolika, khadi la ubatizo ndi kalata yodinda ya bambo mfumu. Ambiri amabwerera ndi mawu awiri amene kholo lililonse la mumzinda uno likuwadziwa: malo adzaza.

Mmene malowo amadzazira ndi nkhani ya m'minibasi, ya pa msika wa ku Kabwata, ya pa maliro ndi pabwalo la tchalitchi Misa ikatha. Wina amati ngati mwana alibe khadi la ubatizo, usataye ndalama ya basi. Wina amati khadi si kanthu, chachikulu n'kudziwana ndi asisitere kapena munthu wa m'bodi. Winanso amalumbira kuti mpingo ulibe mawu, mayina onse amachokera ku boma. Aliyense wagwira kachigawo ka choona. Koma ukalondola bwino njira imene mwana amadutsa kuti akakhale pa desiki ya sukulu zimenezi, umapeza kuti amene amasankha ana ambiri ndi malikisi. Ndipo mumzinda wonga Lusaka malikisiwo amayamba kukonzeka mwana ali ndi zaka zinayi, m'nyumba imene anabadwira ndi pa sukulu imene makolo ake anakwanitsa.

Dzina limodzi, makomo atatu

Munthu akati sukulu ya Akatolika angathe kutanthauza zinthu zitatu zosiyana kwambiri, ndipo Lamulo la Maphunziro la 2011 nalo limazisiyanitsa. Pali sukulu zothandizidwa ndi boma, zimene aliyense amangoti grant-aided. Malo ndi nyumba n'za mpingo kapena za chipani cha asisitere kapena abulazala, koma aphunzitsi ambiri amalandira malipiro ku boma, silabasi ndi mayeso n'zabomanso. M'gulu limeneli muli Matero Boys, imene abulazala a Marianist akhala akuyendetsa kuyambira 1966, Roma Girls ya a Religious Sisters of Charity, St Mary's, ndi Kasisi Girls, yogonera komweko, imene ili cha ku bwalo la ndege ukadutsa Chelstone, pa mishoni imene Bambo Jules Torrend a chipani cha Jesuit anatsegula mu 1905. Izi ndizo anthu amalimbirana, chifukwa mwana amapezako maphunziro apamwamba pa ndalama zochepa.

Pali sukulu zoima pazokha: nasale ndi pulayimale za m'maparishi ndi m'makonventi, ndi sekondale zatsopano monga St Ignatius College ya a Jesuit kum'mawa kwa mzinda. Kumeneku boma silitumiza mayina. Kholo limatenga fomu, mwana amalemba mayeso olowera kapena kufunsidwa mafunso, ndipo akapambana pamatsala nkhani ya fizi, poti aphunzitsi amalipidwa kuchokera m'thumba la makolo.

Khomo lachitatu silitchulidwa kawirikawiri anthu akamakamba za sukulu zabwino. Ndi sukulu za m'makomboni, zija amati community school. Zinachuluka m'zaka za m'ma 1990, chuma cha dziko chitagwa pamodzi ndi mkuwa, makolo akulephera zolipira za m'sukulu za boma, Edzi ikusiya ana amasiye khomo ndi khomo. Asisitere ndi akhristu a m'maparishi anali m'gulu la oyamba kusonkhanitsa ana amenewa m'maholo a tchalitchi ndi pansi pa mitengo. Lero ntchitoyi uiona ku City of Hope ku Makeni, kumene asisitere a Salesian amalera ndi kuphunzitsa atsikana ovutika, ndi ku Bauleni, kumene asisitere ena amayendetsa sukulu ya ana a ulumali ndi ana osowa. Pa khomo limeneli sayamba ndi malikisi. Amafunsa kuti mwanayu akukhala ndi yani, dzulo anadya, analekera kalasi yanji.

Choncho si zoona kuti Mpingo wa Katolika mu Lusaka unaiwala osauka. Chimene chimandivuta ine n'chakuti makomo atatuwa mwini wake ndi mmodzi, koma sayang'anana. Mtsikana amene asisitere anamupeza ku komboni n'kumuphunzitsa kuwerenga, akamaliza pulayimale amakapeza kuti sekondale ya asisitere anzawo ili ndi muyeso umene iye sakuufika, ngakhale anali woyamba m'kalasi mwake zaka zonse.

Kale amishoni ankasankha okha

Sukulu ya m'mudzi inali khonde la tchalitchi. Mphunzitsi anali katekisiti yemweyo, ndipo mwana wolowa sukulu ankayembekezeka kulowanso kalasi ya ubatizo. Mipingo inkalimbirana midzi, moti kum'mawa kwathu kunali midzi ya Adachi ndi midzi ya Aroma, uliwonse ndi sukulu yake. M'matauni a m'mbali mwa njanji munalinso mpanda wa khungu. Zimene lero tikuti Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls zinali Gilbert Rennie ndi Jean Rennie, sukulu za boma za ana a azungu. Kamwala Secondary inali Prince Philip, makamaka ya ana a Amwenye. Mnyamata wachikuda wanzeru zake ankalimbirana malo ochepa a ku Munali. Sukulu zina za m'makonventi nazo zinayamba ndi ana a azungu. Imeneyo ndi mbiri yathu, ndipo mpingo uli momwemo.

Pa ufulu mu 1964 dziko lonse linali ndi nzika za digiri pafupifupi 100 zokha. Boma la Kenneth Kaunda linkafuna madokotala, aphunzitsi ndi makalaliki msangamsanga, ndipo silinafune kuti khungu, mtundu kapena mpingo zitsekere mwana aliyense. Lamulo la Maphunziro la 1966 linaika mphamvu zambiri m'manja mwa nduna. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 maepiskopi anapereka sukulu zawo zambiri za pulayimale ku boma n'kutsala ndi sekondale, koma ngakhale kumeneko ana ankabwera pa mndandanda wa boma, motsata mayeso a dziko lonse. Pa nthawi yake inali njira yolungama, ndipo ana ambiri a alimi ndi a antchito a m'nyumba anakwera nayo. Mu 1993 boma la Frederick Chiluba, litaona kuti silingasenze lokha katundu wa maphunziro, linatulutsa malamulo atsopano a sukulu zothandizidwa amene anabwezera eni sukulu mawu kudzera m'mabodi oyendetsa. Koma khomo lalikulu lolowera linatsala pomwepo, pa mayeso. Bambo Brendan Carmody, wansembe wa Jesuit amene analemba mabuku angapo a mbiri ya maphunziro m'Zambia, wakhala akubwerera ku funso lomweli: kodi sukulu zotchuka ndi kukhoza mayeso zikufikirabe osauka amene mpingo umati ndiwo oyamba?

Cut-off point

Mayeso a Giredi 7 amakonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia. Mwana amasankha yankho pa mayankho operekedwa kale, m'maphunziro monga Chingerezi, masamu ndi sayansi, kuphatikizapo mapepala awiri oyesa kaganizidwe otchedwa Special Paper 1 ndi Special Paper 2. Zotsatira zikakonzeka, akuluakulu a maphunziro a m'chigawo ndi a ofesi ya maphunziro ya DEBS amandandalika ana kuyambira wa malikisi ochuluka kutsika m'munsi. Pamene madesiki a sukulu athera, malikisi a mwana womaliza kulowa ndiwo cut-off point ya chaka chimenecho. Palibe amene amaikweza mwa nkhanza. Imakwera yokha, chifukwa ofuna achuluka pamene madesiki ndi omwewo. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, koma sekondale za Akatolika zothandizidwa ndi boma mumzindawu ungaziwerenge pa zala, ndipo zotchukazo zinamangidwa Lusaka ali kamzinda, Chelstone ili kumathero kwenikweni kwa tauni.

Zikatero zinthu zimangozungulira. Sukulu imatenga ana a malikisi apamwamba, patapita zaka zingapo ana omwewo amakhoza Giredi 12 ndi mapointi 6, 7 kapena 8, dzina la sukulu limamveka, makolo oifuna amachuluka, cut-off point imakweranso. Sindikuchepetsa thukuta la aphunzitsi. Aliyense amene anaphunzirapo m'manja mwa asisitere kapena abulazala amadziwa kuti belu likalira mphunzitsi amakhala ali m'kalasi, makope amachongedwa, windo likasweka limakonzedwa, ndipo mwana akajomba kholo limaitanidwa. Zimenezo n'zenizeni, ndipo n'zimene makolo akuthamangira. Komabe gawo lina la ulemerero wa sukuluzi limalowa pa chipata tsiku loyamba, litavala yunifolomu yatsopano.

Taganizirani atsikana awiri obadwa chaka chimodzi, wina ku Kabulonga, wina ku Kalingalinga, mtunda woti munthu n'kuyenda pansi. Wa ku Kabulonga analowa nasale ali ndi zaka zitatu. Chingerezi amachimva pa tebulo la chakudya, m'kalasi mwake mphunzitsi amadziwa mwana aliyense ndi dzina, Loweruka amapita ku matyushoni, ndipo pofika Giredi 7 mapepala akale a Special Paper wawabwereza mpaka kuwaloweza. Magetsi akamazima maola ambirimbiri, monga zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, kwawo kuli sola kapena jenereta. Wa ku Kalingalinga amalowa kalasi ya masana chifukwa ya m'mawa inadzaza. Buku amagawana ndi anzake, asanapite atunge madzi, akaweruka akakhale pa kantemba ka amayi ake. Mu Januwale 2022 boma la Hakainde Hichilema linachotsa fizi mpaka Giredi 12, ndipo ana amene anali pakhomo anabwerera kusukulu mwaunyinji. Chinali chinthu chabwino zedi, ndipo chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000, komabe m'makalasi ena ana amafika pa 100. Mayeso amene atsikana awiriwa adzalembe ndi amodzi, pa tsiku limodzi, ndipo mapepala ambiri ali m'Chingerezi. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Cut-off point imayeza m'merawo koposa mmene imayezera nzeru.

Mapu a Lusaka amaonetsa zimenezi popanda kubisa. Pafupifupi dera lililonse la kumayadi lili ndi komboni pambali pake: Roma ndi Ng'ombe, Kabulonga ndi Kalingalinga ndi Mtendere, Woodlands ndi Bauleni, Chelstone ndi Kamanga. Otchetcha kapinga, ochapa ndi alonda a kumayadi amagona m'makomboni amenewa, ndipo ana awo ambiri amadutsa m'mbali mwa mpanda wa sukulu yotchuka m'mawa uliwonse popita ku sukulu ina. Pakali pano kholo la ndalama limalipira pulayimale yodula zaka zisanu ndi ziwiri, kenako n'kumulowetsa mwana ku sekondale ya grant-aided yotsika mtengo. Palibe tchimo pamenepo, ndipo kholo lililonse likanakhala nazo likanachita chimodzimodzi. Koma mathero ake n'ngakuti thandizo la boma ndi ntchito ya amishoni zimapindulira kwambiri amene akanatha kudzilipirira kwina.

Malo otsala

Ngakhale mwana wa ku komboni atadumpha cut-off point, ulendo sunathe. Pali yunifolomu, nsapato, makope, ndi ndalama ya basi, nthawi zina mabasi awiri, ina yolowa m'tauni, ina yokwerera pa Kulima Tower kapena Millennium. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, limene mwezi uliwonse limawerengera mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu, linapeza kuti mu Lusaka mtengowo unapitirira K10,000 pa mwezi mu 2024. Wantchito wa m'nyumba salandira ngakhale theka la zimenezo.

Unduna umapereka masiku, kawirikawiri milungu iwiri, kuti mwana wosankhidwa akaonekere, ndipo amene sanafike malo ake amapita kwa wina. Ena safika chifukwa apita ku sukulu yogonera, ena makolo asamuka, ndipo ena, amene amandiwawa mtima kwambiri, asowa ya yunifolomu ndi ya basi. Malo amenewa, pamodzi ndi otseguka mwana akachoka pakati pa chaka, ndiwo makolo a pa chipata aja akudikirira. Apa ndi pamene sukulu imasankha ndi dzanja lake, ndipo ndi pamene khadi la ubatizo limayamba kulankhula.

Kuti kalata ya bambo mfumu ituluke, nkhani imayambira ku mphakati. Parishi zazikulu monga Good Shepherd ku Kabwata kapena St Ignatius ku Rhodes Park zili ndi mabanja ankhaninkhani, ndipo wansembe sangawadziwe onse. Amadalira wapampando wa mphakati kuti achitire umboni: banjali limasonkhana ndi anzawo, limapezeka pa maliro ndi pa ntchito za parishi, khadi la mtulo likuyenda. Njirayi ili ndi ubwino waukulu. Anthu a mphakati ndiwo amadziwa nyumba imene muli ana amasiye, amadziwa agogo amene akulera zidzukulu ndi ndalama ya tomato, ndipo kalata yawo ikhoza kukhala thandizo lokhalo limene mwana wotere ali nalo. Koma njira yomweyi imaphonya anthu ena. Mayi wantchito ya m'nyumba amene abwana samupatsa Lamlungu, mlonda wa usiku amene masana amagona, mayi amene ukwati wake sunadalitsidwe ndipo amachita manyazi kufika pa mphakati, onsewa pa pepala amaoneka akhristu ofooka. Amene ali ndi nthawi, galimoto ndi dzina m'makomiti amaoneka olimba.

Ndipo pa tebulo la ahedi sipafika makalata a ansembe okha. Pamafika mafoni a akuluakulu a m'maofesi, a ophunzira akale amene anathandiza kumanga labu, a achibale a aphunzitsi. Amene ali pa mpando umenewo mu Januwale sagona tulo, ndipo ambiri amayesetsa moona mtima. Chosowa n'chakuti kholo la pa chipata kawirikawiri silidziwa kuti malo otsala ndi angati, akugawa ndani, potsata chiyani. Lamulo likapanda kuoneka, mphekesera ndiyo imalamula, ndipo sukulu yosalakwa imanenedwa pamodzi ndi yolakwa.

Dandaulo la eni mpingo

Motsata kalembera wa 2010, Akatolika ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse m'Zambia. Pa sekondale za grant-aided ana a UCZ, RCZ, Seventh-day Adventist, a Pentekoste ndi Asilamu amakhala desiki imodzi ndi Akatolika. Lamulo la 2011 limaletsa sukulu kusala wophunzira, ndipo malamulo aakulu a dziko amateteza mwana kuti asakakamizidwe mapemphero a chipembedzo chimene si chake. Ndiye umamva mkhristu wa ku Chelstone akudandaula kuti mtulo amapereka, njerwa za holo anasenza, koma mwana wake malo alibe, pamene wa mnansi wake amene sanapondepo m'tchalitchi cha Katolika ali mkati.

Dandaulo limeneli si lachabe, ndipo maiko ena analiyankha ndi lamulo. Ku England sukulu za Akatolika zothandizidwa ndi boma zimaloledwa, ofuna malo akachuluka, kuika patsogolo ana obatizidwa. Mndandanda wa oyamba ndi otsatira umasindikizidwa chaka chilichonse, pamwamba penipeni pamakhala ana a Chikatolika amene akuleredwa ndi boma posowa owasamala, ndipo kholo lokanidwa lili ndi ufulu wochita apilo. Ku Malawi, pa sukulu monga Likuni Boys, Zomba Catholic ndi St Mary's ya ku Zomba, boma limatumiza gawo lake la ana a Fomu 1, mpingo n'kudzaza gawo lotsala mwa njira yake.

Chimene ndingatengeko ku England ndi kulemba ndi kupachika poyera. Pa funso loti woyamba akhale ndani, mpingo unadziyankha kale wokha. Chikalata cha maphunziro cha Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, Gravissimum Educationis, cha mu 1965, chimapempha abusa ndi akhristu kuti sukulu zawo zisamale makamaka magulu atatu: osauka, osowa thandizo ndi chikondi cha banja, ndi amene sali m'chikhulupiriro. China cha mu 1977, The Catholic School, chinabwereza zomwezo, n'kuvomereza poyera kuti m'maiko ena kusowa kwa ndalama kwakankhira sukulu za mpingo kwa ana a mabanja olemera, ndi kuti zimenezi zimawononga umboni wa mpingo. Asisitere a chipani cha ku Roma Girls, pa malumbiro atatu amene zipani zonse zimachita, amawonjezera lachinayi limene anawasiyira Mary Aikenhead, amene anawayambitsa ku Dublin mu 1815: kutumikira osauka. Ndiye mkhristu wa ku Chelstone uja, ngati ndi wosauka, chiphunzitso cha mpingo wake chamuika kale pamzere woyamba. Ngati ali nazo zake, mtulo umene anapereka sunali wogulira desiki.

Amene amatuluka osabwerera

Kusankha sikuthera tsiku lolowa. Mu 1997, mabungwe olimbikitsa maphunziro a atsikana monga FAWEZA atalimbikira, boma linakhazikitsa ndondomeko yoti mtsikana amene watenga pakati abwerere kusukulu akabereka. Sukulu zambiri za mishoni, za Akatolika ndi za mipingo ina, sizinailandire kwathunthu. Mtsikanayo amamupatsa kalata yosamukira ku sukulu ina, koma pa desiki yake yakale sabwerera. Chifukwa chimene chimaperekedwa ndi mwambo ndi chitsanzo kwa anzake. Mantha a makolo ndi a asisitere ndikuwamva. Komabe mpingo umene umaphunzitsa kuti moyo wa mwana wosabadwa ndi wopatulika uyenera kudzifunsa chimene atsikana amaphunzira akaona kuti wosunga mimba ndiye amataya malo, pamene woichotsa mwakachetechete amapitiriza kuvala yunifolomu. Ena mwa atsikanawa sanakwane zaka 16, ndipo pamaso pa lamulo la dziko ndi ana amene anachitidwa nkhanza.

Zimene zili m'manja mwa mpingo

Sukulu singalandire aliyense, ndipo mayeso sangatayidwe. Koma kagawo kamene mpingo umasankha wokha kangagwiritsidwe ntchito mwadala. Bodi ingalembe kuti malo otsala ndi angati ndipo oyamba ndi ati, pepalalo lipachikidwe pa chipata ndi kuwerengedwa pa zolengeza za Lamlungu m'maparishi oyandikana, m'Chinyanja ndi m'Chibemba, osati m'Chingerezi chokha. Ogawa malowo akhale kagulu, kuti foni ya bwana ikalira ahedi akhale ndi poyankhira.

Chachikulu koposa, malikisi awerengedwe pamodzi ndi kumene achokera. Mtsikana amene wakhala woyamba pa sukulu yodzaza ya ku Ng'ombe, n'kuperewera pang'ono pa cut-off point, waonetsa mphamvu imene mnzake wa matyushoni sanafunikire kuonetsa. Ku Texas ku America, kuyambira 1997, lamulo limapereka malo m'mayunivesite a boma kwa ophunzira apamwamba a sukulu iliyonse, yotchuka kapena yakumudzi. Imeneyi si quota ya zigawo imene inawawitsa mitima ku Malawi zaka zambiri. Mwana amayezedwa ndi anzake amene anagawana nawo buku ndi mphunzitsi. Sukulu iliyonse ya grant-aided ingagwirizane ndi pulayimale zingapo za m'makomboni oyandikana nayo, za boma ndi za mpingo, kuti ana awo oyamba chaka chilichonse ndiwo oyamba pa malo otsala.

Kumulowetsa kokha sikokwanira. Adzafuna yunifolomu, ya basi, chakudya cha masana, ndi mphunzitsi womukokera Chingerezi chaka choyamba. Sukuluzi zatulutsa madokotala, maloya ndi amalonda ambiri, ndipo mabungwe a ophunzira akale angasenze mwana mmodzimmodzi. Ndalama za chitukuko za CDF, zimene mu 2022 zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, zili ndi gawo la ana ovutika a sukulu zogonera, ndipo mphakati ungathandize agogo kudzaza mafomu ake ndi kuwaperekeza ku komiti ya wadi.

Pali funso lina lolemerapo, la kumene sekondale zatsopano zikumangidwa. Amishoni a kunja amene ankaphunzitsa popanda kulemera ndi malipiro, n'kumabweretsanso thandizo la kwawo, akalamba ndipo achepa. Zipani za lero zimafuna ndalama zosamalira okalamba awo ndi kuphunzitsa olowa kumene, ndiye sukulu yolipira imakopa. N'zomveka. Koma mpingo womwewu uli ndi chitsanzo china. Mu 1955 Bambo José María Vélaz a Jesuit anayambitsa Fe y Alegría m'makomboni a Caracas ku Venezuela, ndipo lero sukulu zake zili m'maiko ambiri, zomangidwa dala kumene kuli osauka, zambiri boma likulipira aphunzitsi. Umenewo ndi mgwirizano wofanana ndi wa grant-aided umene tili nawo kale. Sekondale ya mwambo wa Roma Girls itamangidwa pakati pa Kanyama kapena Chawama, ana amene angailembe poyamba ndi a komweko.

Nthawi yokamba zonsezi ndi ino chifukwa dongosolo likusintha. Mu 2025 Zambia inayamba kutsata ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2023: pulayimale ikhala zaka 6, sekondale iyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, kenako Fomu 5 ndi 6 kwa opitiriza. Mayeso a Giredi 9 akupita limodzi ndi dongosolo lakale. M'dongosolo lakalelo munali makomo awiri. Mwana wophonya pa Giredi 8, akalimbikira pa sukulu ya kwawo, ankatha kuyesanso pa Giredi 10, ndipo kwa mwana wa ku komboni amene Chingerezi chimamutsegukira mochedwa, limeneli linali khomo lofunika. Tsopano lolowera sekondale likhala limodzi, ndipo mwana azifikapo ali ndi zaka pafupifupi 12. Likulu la maepiskopi lili ku Kapingila House pa Kabulonga Road, ndipo mabodi a sukulu amakumana chaka chonse. Zimene iwo ndi Ambuye Alick Banda, mkulu wa arkidayosizi ya Lusaka, angagwirizane za malo otsala zotsatira za Disembala zisanatuluke, zidzakhudza amene akhale pa madesikiwo zaka zinayi zotsatizana.